Mkazi Amene Sanakwane m'Ndakatulo

"Ukumbe pa anthu awiri, Cliff. Usandikumbire kadzenje ka mphaka ayi."

Awa anali mawu a Mayi Edna Raistrick m'mawa wa tsiku limene amuna awo, a Wilf, anatisiya. Ankauza Cliff Dinsdale, wokumba manda wa pa tchalitchi cha kuno ku Hawbeck, amene anafika pakhomo chipewa chili m'manja kudzapepesa maliro.

"Mwayamba kale kudzikonzera pogona, mayi? Inu ndiye mudzatiika tonse m'mudzi muno."

"Zimenezo ndi za Mulungu. Iwe kumba basi. A Wilf agone pansi, ine ndidzagona pamwamba pawo. Moyo wonse akhala akundilanda bulangeti, kumeneko akandiona."

Cliff anakumba monga timakumbira kuno banja likafuna kudzagona limodzi: dzenje lakuya loti bokosi lachiwiri lidzapeze malo. Nthaka ya kuno ndi miyala yokhayokha, moti anatuluka m'dzenjemo manja ali matuza. Mwala wa kumutu wosema miyala anaulemba theka la pamwamba lokha, dzina la a Wilf ndi zaka zawo. Theka la mmunsi linatsala losalala, kudikira mwini wake. Kuyambira pamenepo Edna ankati akabwera Lamulungu ndi maluwa, ankayang'ana malo osalalawo monga munthu amayang'anira khomo la nyumba yake. Ndiye taganizani, patapita zaka zoposa makumi awiri, kubwera anthu ophunzira bwino kudzawauza kuti khomolo latsekedwa. Chifukwa chake? Ndakatulo. Ee, ndakatulo!

Edna anabadwira kumtunda kwa chigwa chathuchi. Bambo awo ankaswa miyala kumgodi, ndipo sukulu anailekeza atangodziwa kuwerenga Baibulo, n'kukalowa ntchito yokama ng'ombe pa famu ina. A Wilf anakumana nawo pa msika wa nkhosa. Mnyamatayo anapempha mtsikana wosamudziwa n'komwe kuti amugwirireko galu kanthawi kochepa, iye n'kukadziiwala kumowa. Pobwera dzuwa litapendeka anapeza mtsikana akadali chilili, chingwe cha galu m'manja, mtima utapsa kale. Edna anamulalatira pamaso pa msika wonse, osasiya mawu ndi amodzi omwe. Wilf, amene ankatha kukhala tsiku lonse osatsegula pakamwa, anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anangoti, "Wapakamwa chonchi ndi amene ndimafuna. Kwathu kuli zii." Chaka chisanathe anali atamanga ukwati m'tchalitchi chomwechi.

Moyo wa pa famu ya kuphiri si wa masewera. M'nyengo yachisanu ankakwera onse awiri ndi ndodo zazitali kukafufuza nkhosa zokwiririka m'chipale chofewa. Nthawi yoswa ikafika, khitchini ya Edna inkadzaza ndi tiana tankhosa tamasiye, tina akutiwotheza pambali pa mbaula, tina akutiyamwitsa ndi botolo. Mphatso ya mwana wawowawo Mulungu anawamana. Nkhani imeneyo sankaikamba, ndipo amene ankayesa kuiyamba ankaphunzira msanga kuisiya.

Nkhondo yaikulu ya dziko lonse itatha, m'kanyumba ka mmunsi mwa munda wawo munalowa mlendo wochokera kumwera, woonda ngati bango, chifuwa chili khokhokho. Dzina lake anali Ambrose Kettlewell, ndipo anati ntchito yake ndi yolemba ndakatulo. Tisanamizane, munthuyo anali wokondeka. Ankaseka ndi aliyense, ankavulira chipewa ngakhale woledzera, ndipo akamamvetsera iwe ukuyankhula unkadziona ngati munthu wanzeru. Koma kukoleza moto sankadziwa, kuphika dzira sankadziwa. Tsiku lonse ankatsatira a Wilf m'mapiri, mafunso osatha: udzu uwu dzina lake n'chiyani, nanga nkhosa iyo ikuliriranji chonchi? Madzulo mapazi ake ankamufikitsa okha pakhomo pa Edna.

"Alamu, fungo limeneli ndi la nyama yankhosa, kapena ndikulota?"

"Mukulota. Pukutani mapazi musanandidetsere pansi."

Anadya pa tebulo limenelo zaka ndi zaka. Masokosi ake ankasokedwa pamenepo, chifuwa chake chinachiritsidwa pamenepo. Mabuku ake atayamba kutchuka, Edna ananyadira ngati ndi awo, chifukwa zolemba zake zinali zomveka, zoti ngakhale woyendetsa lole akazimva pa wailesi ankaimitsa galimoto kuti amve bwino.

Mbusa wa nkhosa kuno saikidwa chimanjamanja. Timamugwiritsa kaubweya ka nkhosa m'dzanja, kuti pa tsiku lachiweruzo akadzafunsidwa chimene ankajombera kutchalitchi, adzangotambasula dzanjalo. A Wilf atamwalira, Edna anapita okha kukhola ndi sizasi, nameta kaubweya pa nkhosa yaikazi yakale kuposa zonse. Ndi iwo amene anatambasula zala zouma za amuna awo, chimodzichimodzi, n'kuzifumbatitsanso. Kumanda kunagwa mvula yamphamvu, ndipo a Kettlewell, amene anabwera opanda jasi monga mwa masiku onse, anabisala pansi pa ambulera ya namfedwa.

Patatha chaka, tsiku lina Edna akusita zovala wailesi ili chiyankhulire, anamva dzina la amuna awo. Anaimika simbi. Inali ndakatulo yatsopano ya a Kettlewell, yonena za Wilf Raistrick, mbusa wa ku Hawbeck, dzina lenileni, mudzi weniweni. Ndime yoyamba inawagwetsa misozi, chifukwa a Wilf anali momwemo ndithu, kayendedwe kawo, likhweru lawo. Koma ndime zotsatira zinati mbusayo anakhala yekha nafa yekha. Zinati panalibe mkazi womulira, kuti maso ake inatseka ndi mphepo ya kuphiri, kuti ubweya wa m'dzanja lake unakanirira pamene ankapulumutsa nkhosa yake yomaliza, ndi kuti pamanda panatsala galu yekha. Pofika kumapeto, chovala cha pilo chinali chitapsa chibowo chonga simbi.

Anatsetsereka munda uja epuloni ili m'chiuno.

"Alamu! Tatulukani kuno!"

A Kettlewell anasuzumira pakhomo, magalasi ali pamphumi.

"Galu mwamulemba. Galu! Yemwe uja anaba nyama ya anthu pa maliro pomwepo. Nanga ine ndinali kuti? Amene anakufunditsani ambulera uja anali ndani, inali mphepo?"

"Alamu, talowani mukhale pansi. Mulungu ndi mboni, ndinakuyesani. Ndinakuikamo, ndinakuchotsamo, ndinakuikamonso. Simunakwane."

"Sindinakwane?"

"Mbusa wokhala ndi mkazi saliza anthu, alamu. Anthu amati, ha, bola iyeyo anali ndi womuphikira."

"Ndiye inu ndi mimba yanuyo mumakwana bwanji m'nyumba mwanga tsiku ndi tsiku? Munthu wopanda manyazi inu!"

A Kettlewell anagwira pamtima, nalonjeza kuti alemba ina, yaitali, ya Edna okhaokha. Amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, koma la a Kettlewell silinadule ngakhale ulusi. Edna anawatsekera khomo nyengo yonse yachisanu. Kenako m'mawa wina anaona kuti pa kanyumba kaja sipakufuka utsi, ndipo anatsika ndi mphika wa supu, akutukwana njira yonse. Mmenemo ndi mmene analili mayiwa: pakamwa moto, manja ofewa.

Ndakatulo ija ndiye inayenda ngati moto wolusa. Ana asukulu dziko lonse anailoweza pamtima. Inkawerengedwa pa maliro a anthu amene sanagwirepo nkhosa chibadwire, inasindikizidwa pa nsalu zopukutira mbale, asilikali akutali ankaitumizira amayi awo. A Kettlewell anasanduka munthu wa dziko lonse, koma kuno sanachoke, ndipo supu wa Edna sanamusiye. Atakalamba n'kugwa pamphasa, amene ankawatembenuza ndi kuwasambitsa anali Edna yemweyo. Ali pafupi kutsirizika anapempha chinthu chimodzi, kuti akagone pambali pa mnzawo Wilf.

"Kagoneni," anatero Edna. "Koma musakawasowetse mtendere ndi mafunso anu aja. Ndipo musayandikire kwambiri, pamenepo pali malo anga."

Mlakatuli ataikidwa, mabasi anayamba kubwera. Kunabadwa Bungwe la Abwenzi a Kettlewell, lomwe linagula kanyumba kaja n'kukasandutsa malo oonetserako zinthu zake, ndi kasitolo kutsogolo. Kapu imene anaiika m'galasi n'kulemba kuti mlakatuli ankamwera mmenemo inali ya Edna, yobwereka yosabwezedwa. Alendo ankafika kumanda ndi tiubweya ta nkhosa togula m'sitolomo, n'kumamangirira paliponse, pa mpanda, pa mtengo, pa mwala wa a Wilf. Ena ankakhalira mwalawo n'kumadya buledi wawo. Lamulungu lililonse Edna ankachotsa ubweya wonyowa ndi mapepala a maswiti, ndipo kawirikawiri pankapezeka wina wowagwira paphewa mwaulemu n'kunena kuti, "Pepani mayi, mungasuntheko pang'ono? Tikufuna kujambula." Ankasuntha, chifukwa mumtima ankati jambulani lero, tsiku lina ndidzagona pano ndipo simudzandisunthanso.

Wapampando wa Bungwe anali Mayi Lavinia Strode, amene anachokera ku London atapuma pa ntchito, nagula nyumba yomwe kale inali sukulu yathu. Ndakatulo zonse za a Kettlewell ankazidziwa pamtima, ndipo akamazinena ankaliradi misozi yeniyeni, si zachiphamaso ayi. Vuto lake linali lomwelo. Munthu woipa umadziwa pomugwira, koma wolira chifukwa cha chikondi umamuyamba pati? Tsiku lina masana anakwera kufamu pamodzi ndi wansembe wathu, Bambo Tunstall, munthu wabwino koma woti mphepo ikaomba amapita nayo. Edna anawathirira tiyi m'makapu a alendo.

Mayi Strode anayamba ndi kuyamikira keke. Anayamikira makatani, anayamikira mphaka. Kenako anafika pa nkhani: Bungwe likufuna kupempha khoti la bishopu kuti manda awiri aja, a mlakatuli ndi a mbusa, akhale chikumbutso cha dziko, asadzakumbidwenso, ndipo miyala yake isadzakhudzidwe.

"Asadzakumbidwenso," anabwereza Edna. "Nanga ine ndidzalowera pati?"

"N'zimene tabwerera, Mayi Raistrick, kuti tikambirane ngati abale. Mukudziwa, anthu amachokera kutali, ena kutsidya kwa nyanja, kudzaona manda a mbusa wa yekha uja. Theka losalala lija akaliona amalira. Ndakatulo yonse ili pamenepo, pa chete ameneyo."

"Amenewo ndi malo a dzina langa. Ndinauza wosema miyala ndine kuti asiye."

"Palibe akukana zimenezo, mayi," anatero Bambo Tunstall, maso ali m'kapu.

"Tsono taganiza chonchi," anapitiriza Mayi Strode. "M'tauni muli malo ootcherako mitembo, aukhondo, olemekezeka. Phulusa lanu tidzaliika pafupi ndi mpanda, tidzabzalapo duwa lokongola, Bungwe lizidzalisamalira."

Edna anaika tipoti pansi pang'onopang'ono kuopa kuti angawagende nayo.

"Mundiotche? Ine? Mwandiona ngati zinyalala za kuseri kwa nyumba? Bambo, inu mwangoti phee pamenepo. Amene Mulungu anawamanga pamodzi munthu asawalekanitse, mawu amenewa mumawerenga ndinu kapena ndi wina wofanana nanu?"

"Mawuwo amanena za amoyo, mayi."

"Ooh! Ndiye akafa mumawagawa ngati nkhosa za pamsika? Imwani tiyi wanuyo muzipita. Kekeyo musiye."

Nkhani inapita ku msonkhano wa mpingo, mu holo ya tchalitchi. Apa ndiye pamene pamandiwawa ine. Mabanja akale ambiri anali atasamuka, nyumba zawo zitagulidwa ndi anthu a m'tauni, koma otsalawo analipo ndithu, ndipo onse ankawadziwa Edna. Mwini nyumba ya mowa analipo, amene Edna anamulandira ndi manja awo tsiku limene anabadwa mzamba atatsekeredwa ndi chipale. Analipo mayi wa malo omwera tiyi, analipo ogoneka alendo. Onsewo ankadyera pa mabasi aja. Denga la tchalitchi nalo linali litangokonzedwa ndi Bungwe. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo aliyense mu holomo ankadziwa mkhate wake.

Edna anaimirira atatsamira ndodo.

"Ine sindinabwere kudzapempha. Munthu sapempha bedi lake. Ukwati wanga unadalitsidwira m'tchalitchi chomwechi, ena a inu makolo anu anavina. A Wilf anafera m'manja mwangamu, osati m'manja mwa mphepo. Ubweya mumagulitsa m'timapepalawo, woyamba ndinameta ndine. A Kettlewell ananama, ndinawauza pamaso ali moyo, iwonso anavomera. Bodza la munthu mmodzi ndinalipirira chifukwa anali mlamu wanga. Koma inu mukufuna bodzalo mulimangire mpanda, ine mundisiye panja. Simukuchita manyazi?"

Cliff Dinsdale, amene tsopano anali atawerama msana, anadzuka kumbuyo.

"Dzenjelo ndinakumba ndine. Ndi la awiri. Manja angawa anatupa sabata yathunthu, ndiye musandiuze kuti ndinavutikira mphepo."

Anamuthokoza. Koma abale inu, anthu a kuno kuthokoza! Anathokoza Cliff chifukwa cha ntchito yake ya zaka zambiri, anathokoza Mayi Raistrick chifukwa cha mawu awo ogwira mtima, wina mpaka anaomba m'manja. Palibe anatsutsa ngakhale liwu limodzi. Atatha kuthokozako anakweza manja kuvomereza pempho la Bungwe, ena akuyang'ana nsapato zawo, mwini nyumba ya mowa atakweza dzanja lake theka ngati likumupweteka. Potuluka, mayi wa malo omwera tiyi anathamangira Edna kuti awathandize kuvala jasi.

"Chotsa manja akowo, Doreen. Angotsika kumene m'mwamba, apumule."

Khoti la bishopu silifulumira, ndipo mwezi wa Juni unafika yankho lisanabwere. Mwezi umenewo ndi wa chikondwerero cha kubadwa kwa mlakatuli. Chaka chimenecho khamu linali losaneneka, magalimoto mpaka m'minda ya anthu, chifukwa Bungwe linaitana katswiri wina wa zisudzo za pa wailesi kuti adzawerenge ndakatulo ya mbusa pamanda penipeni. Edna anaganiza kuti vuto ndi lakuti alendowa sakudziwa. A m'mudzi agulidwa, chabwino, koma anthu mazanamazana amene amalirira a Wilf chaka ndi chaka, akangoona ndi maso awo kuti mkazi alipo, sangalole. Mmodzi yekha angofunsa kuti mayi inu ndinu ndani, basi, nkhani yatha.

Anavala jasi yakuda ya kumaliro ndi chipewa cha nthenga. Anadutsa pakati pa khamulo ndodo ili patsogolo, anthu akupatuka mwaulemu. Atafika pa manda a amuna awo anagwada movutikira, mawondo akulira, kenako anagona chagada pa udzu, mutu kumwala, chikwama pachifuwa, nsapato zitaloza kumwamba.

Cliff anadzipanikiza mpaka kutsogolo. "Mayi, mwatani? Mwagwa?"

"Sindinagwe. Ndikuyesa ngati ndikukwana. Choka, ukunditchingira anthu."

Edna anayang'ana mitambo, kudikira funso lija.

Funsolo silinabwere. Kodi inu mumawadziwa anthu a kuno? Ife munthu akachita zachilendo pagulu, kumuyang'ana timati ndi mwano. Tinaphunzitsidwa tili ana kuti ukaona wina wadzichotsa ulemu, umuthandize pochita ngati sunaone. Ndiye khamu lonse lija linachita ngati silinaone. Ena anayang'ana nsanja ya tchalitchi, ena mapepala a mwambo, ena anapeza chochita ndi mabatani a majasi awo. Amayi ena anakokera ana awo kumbuyo n'kuwanong'oneza kuti asaloze chala. Bambo Tunstall anatseka maso ngati akupemphera. Mayi Strode anatsokomola pang'ono, nagwedezera mutu katswiri uja kuti ayambe.

Anayambadi! Anasuntha phazi kuti asaponde chipewa cha Edna, natsegula buku. Mawu ake anali okoma, ozama, oti ngakhale mwala ungamve. Atafika pa ndime ya mbusa wopanda mkazi womulira, anthu anayamba kunena naye limodzi, poti onse ankaidziwa pamtima. Mawu mazanamazana, amuna ndi akazi, ena akusisima, ena akupukuta m'maso, kunena kuti panalibe mkazi, mkaziyo ali gone pamapazi awo, udzu wonyowa ukumulowa kumsana. Ine ndaonapo nkhanza zamitundumitundu, koma nkhanza zaulemu ngati zimenezo sindinazionepo.

Bambo wina wa ndevu anatuluka m'khamumo nagwada pafupi. Edna anatembenuza mutu, pakamwa patakonzeka kale ndi yankho. Bamboyo anakweza kamera, anajambula, anati zikomo, nabwerera.

Anthu atabalalika kupita kukamwa tiyi, Cliff anawadzutsa. Zinatenga nthawi, poti onse awiri anali nkhalamba.

"Munakwanatu, mayi," anatero Cliff, akuwasasa udzu pa jasi. "Malo anatsalako ndithu kumapazi."

Edna sanaseke. Msana unawagwira mwezi wathunthu, ndipo kumapemphero sanapitekonso.

Yankho linabwera masamba akuyoyoka. Bambo Tunstall anakwera nalo okha kufamu, nalinena ataima pakhomo chifukwa sanauzidwe kuti alowe. Manda a mbusa sadzatsegulidwanso. Koma khoti, poganizira msinkhu wa Mayi Raistrick ndi maganizo awo, lalamula kuti asadzaotchedwe, apatsidwe manda awoawo m'bwalo la tchalitchi. Wansembeyo ananena zimenezi ngati wabweretsa mphatso. Malowo anali kuseri kwa tchalitchi, kufupi ndi mpanda, kumene amatayako udzu akatchetcha. Edna anapita ndi Cliff kukawaona. Anaima pamenepo, anatembenukira uku ndi uku, napeza kuti ngodya ya tchalitchi ikutchinga, mwala wa a Wilf sukuoneka. Cliff anadikira kuti mayiwo alalate, poti anali atakonzeka kuwathandiza. Sanalalate. Anangofunsa ngati pamenepo pamadikha madzi mvula ikagwa, Cliff n'kuvomera kuti pamadikha.

Nyengo yachisanu imeneyo Edna anagulitsa nkhosa zotsala, ndipo kumudzi ankatsikako mwa apo ndi apo. Anthu ankawapatsa moni mokweza kuposa kale, iwo n'kumayankha ndi mutu. Chisanu chitatha mabasi anayambiranso, ndipo tsiku lina akuchokera kogula mankhwala anadutsa pa kasitolo ka Bungwe. Pakhomo panali choikapo makhadi a zithunzi, aja alendo amatumizira abale awo. Panali kanyumba ka mlakatuli, panali phiri, panali nkhosa. Mzere wapamwamba wonse unali chithunzi chatsopano: mayi wokalamba wa jasi yakuda ali gone pa manda, chipewa chitapendekeka, chikwama pachifuwa, kumbuyo kwake khamu la anthu olira. Edna anavala magalasi kuti awerenge timawu ta mmunsi. Timati: Wokonda ndakatulo atagonja ndi chisoni pa manda a mbusa wa yekha.

Anawerenga kawiri. Anazula makhadi onse a mzerewo, analowa nawo m'sitolo, nawaunjika pa tebulo logulitsira. Wogulitsa anali mayi wachilendo, wongolembedwa kumene.

"Onsewa, agogo? Ndiye mwawakondatu! Akuyenda kwambiri amenewa. Ndikupatseni maenvelopu?"

"Undipatse cholembera."

Anakoka mpando umene unalembedwa kuti munthu asakhalepo, nakhalapo. Anatenga khadi loyamba, nalemba pa chithunzi penipeni, modinikiza, ndi zilembo zikuluzikulu za munthu amene sukulu anaisiya kalekale: EDNA RAISTRICK, MKAZI WAKE. Analiika pambali, natenga lachiwiri.

Wogulitsa uja anathamangira kuchipinda cham'kati, ndipo posakhalitsa Mayi Strode anatulukira, nkhope itafiira.

"Mayi Raistrick! Chonde, chonde. Amenewo ndi katundu wa Bungwe. Mukuwaononga!"

"Nkhopeyi ndi ya Bungwe? Jasiyi munandigulira ndinu? Kaitaneni apolisi. Nawonso akabwera ayang'ane kumwamba."

"Sitinadziwe kuti zikukhumudwitsani. Tinaona ngati ndi ulemu."

"Ulemu wanu ndaukhuta, mayi. Tasunthani, mukunditchingira kuwala."

M'sitolomo munali alendo a basi imene inali itangofika. Monga mwa chikhalidwe, onse anayamba kuyang'anitsitsa makapu ndi nsalu zopukutira mbale. Koma panali mayi wina wachitsikana, mwana ali kumanja, amene mwina kwawo sanamulere bwino, chifukwa iye anayandikira. Anatola khadi limodzi lolembedwa, naliwerenga. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana chipewa cha nthenga chimene chinali pamutu pa gogoyo, nayang'ananso chithunzi.

"Pepani agogo," anatero motsitsa mawu. "Ndakatulo imeneyi tinawerenga pa maliro a bambo anga. Ndiye kuti mbusayo anali ndi mkazi?"

Edna sanadzutse mutu. Anamaliza kaye chilembo chimene anali atayamba.

"Ali naye, mwanawe. Angonditsekera panja."

Ananyambita chala, natenga khadi lina.